Funsani za Miyala: Wakuda, wolemera, koma kodi ndi coltan?

Makalata atatu a mwezi uno akufunsa chinthu chimodzi, aliyense m'njira yakeyake. Munthu watola mwala wonyezimira ngati chitsulo ndipo tulo tasowa. Ndikhalitsa pa kalata yoyamba, chifukwa zimene ndiyankhe pamenepo zithandizanso awiri enawo.

FUNSO

Zikomo bambo. Ine kwathu ndi ku Dedza koma ndinakwatiwa ku Mzimba. Mwana wanga wachisamba amathandiza abambo ake aang'ono kukumba aquamarine, mwala wamtengo wapatali wabuluu uja, m'dzenje lina kuphiri. Mwezi wathawu anabwera ndi miyala isanu yakuda bii, waukulu mwa yonse ngati bokosi la machesi. Ndi yaing'ono koma ukainyamula imalemera modabwitsa. Wogula miyala wina ataiona anati ndi chitsulo wamba, komabe anafuna kuitenga yonse n'kutisiyira ya sopo. Anzake a mwanayu akuti ndi coltan, wa m'mafoni uja. Tidziwa bwanji zoona? Ku Zomba, kumene kuli akatswiri a boma a za miyala, n'kutali ndipo yoyendera tilibe.

Mayi wa ana anayi, Mzimba

YANKHO

Mayi, mwachita bwino kusapereka miyalayo. Sindinganene kuti wogulayo ananama, poti miyala yake sindinaigwire, koma munthu akafuna kunyamula chinthu chimene iye mwini wati n'chachabe, ndi bwino kuyamba mwadekha.

Chiyembekezo cha anyamatawo chili ndi maziko. Aquamarine amamera m'misempha ya mwala umene timautcha pegmatite. Mwana wanu amaudziwa bwino ngakhale dzinali sanalimvepo: ndi uja wokhala ndi quartz woyera, feldspar wotuwa ngati mkaka, ndi mica wosendeka ngati mapepala onyezimira. M'misempha yomweyo ndi mmene mumapezeka columbite ndi tantalite, miyala imene amalonda anaiphatikiza dzina n'kukhala coltan. Kwa anansi athu ku Mozambique, m'dera la Alto Ligonha m'chigawo cha Zambezia, migodi ya Marropino ndi Morrua yatulutsa tantalite kuchokera m'miyala ya mtundu womwewu. Ndiye malo amene mwanayo anatola akugwirizana ndi nkhaniyi. Vuto ndi lakuti msempha umodzimodziwo umabala miyala ina yakuda yambirimbiri, ndipo yochuluka mwa iyo ilibe msika. Kwa diso yonse ndi yofanana.

Zaka zapitazo, ndikugwira ntchito yoyendera okumba ang'onoang'ono, kunabwera bambo wina wachikulire atasenza thumba la feteleza lodzaza theka ndi miyala yakuda. Anali atagulitsa mbuzi ziwiri kuti apeze ya basi. Anamasula chingwe mwaulemu, zala zikunjenjemera, n'kutapa miyala ndi manja awiri kuiika patebulo. Ndinatulutsa maginito m'thumba la malaya, ndipo ndisanagunditse n'komwe timiyala ting'onoting'ono tinadumpha n'kukakamira. Anali magnetite, mwala wa chitsulo. Nditawafotokozera anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anandifunsa ngati basi ya masana inali itanyamuka kale. Nkhope ija sindinaiiwale mpaka lero. Chimene chinandipweteka n'chakuti yankho likanapezeka kwawo komweko, mbuzi zili m'khola. N'chifukwa chake ndikufuna muyambe ndi zimene zili pakhomo panu.

Yambani ndi maginito. A m'sipika ya wailesi yakutha ndi okwanira. Mwala ukakakamira mwamphamvu, woti n'kulendewera osagwa, ameneyo ndi magnetite ndipo nkhani yathera pomwepo. Ukangokokeka pang'ono, kapena osakokeka n'komwe, pitirizani. Kuti mumve kukoka kofooka, mangirirani maginito ku ulusi azilendewera, inu n'kumayandikiza mwala pang'onopang'ono. Ilmenite, mwala winanso wakuda, amawagwedeza pang'ono. Columbite ndi tantalite nthawi zambiri sawasuntha, kapena amangowanyengerera.

Kenaka tsukani mwala, muuyang'ane padzuwa. Wonamiza wamkulu m'maenje a aquamarine ndi tourmaline wakuda. Iyeyu amakhala wautali ngati kachidutswa ka phesi, ali ndi timizere toyenda m'litali mwake, ndipo mukamuyang'ana kumutu amaoneka wa ngodya zitatu zobulungira. Pamene wathyoka amawala ngati botolo losweka. Columbite sawala choncho. Kuwala kwake n'kwa chitsulo chogwiritsidwa ntchito, ngati khasu lakale lopukutidwa, ndipo kawirikawiri amakhala waphanthiphanthi, wonga kanjerwa. Nthawi zina pamwamba pake pamaoneka timitundu ta buluu ndi chikasu monga pa chitsulo chimene chapsa ndi moto.

Tsopano pezani chidutswa cha thailosi yoyera, ya kubafa ija. Tembenuzani kumbuyo kokhakhala, kumene kulibe zonyezimira, n'kukanda mwalawo mwamphamvu ngati mukulemba ndi choko. Mtundu wa ufa umene utsale pa thailosi ndi wodalirika kuposa mtundu wa mwala. Magnetite ndi ilmenite amasiya mzere wakuda. Hematite, ngakhale akhale wakuda chotani, amasiya mzere wofiira ngati katondo. Tourmaline ndi wolimba kuposa thailosi, choncho amangoikala n'kusiya kaufa kotuwa. Columbite ndi tantalite amasiya mzere woderapo, pakati pa wakuda ndi wofiirira, ngati magazi ouma pansalu. Mzerewo muupake ndi chala, muufalitse, chifukwa kufiirako kumaonekera ufa ukapyapyala. Ine ndikaona mtundu umenewu ukutuluka pansi pa chala changa mtima umagunda ndithu, ngakhale ndauona kambirimbiri.

Mpeni nawo uli ndi mawu ake. Pa mlingo wa kulimba kwa miyala umene Friedrich Mohs anakonza mu 1812, chikhadabo chili pa 2.5, mpeni wamba cha pa 5.5, quartz pa 7. Columbite ali cha pa 6, kotero nsonga ya mpeni imaterera osalowa. Mpeni ukalowa mosavuta mwalawo n'kumabenthuka timabokosi ta ngodya zinayi towala ngati siliva, ameneyo ndi galena, mwala wa mtovu. Musambe m'manja mukamugwira.

Zonsezi ndi zochotsera onamiza. Chimene chimandiuza zoona kwambiri ndikakhala kutchire ndi kulemera, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mutsate bwinobwino. Mwati miyalayo imalemera modabwitsa. Dzanja limamva, koma losazolowera silitha kusiyanitsa mwala wolemera kasanu kuposa madzi ndi wolemera kasanu n'kawiri, pamene ndalama yagona pa kusiyana kumeneko. Madzi ndi amene amatha.

Bwerekani sikelo yaing'ono ya batire, ija amagwiritsa ntchito ogula golide ndi miyala, yowerenga magalamu mpaka kadontho. Ya ogulitsa nyemba pamsika singathandize. Sankhani mwala umodzi umene sunamatirire quartz kapena dothi, muutsuke, uume. Upimeni n'kulemba nambala. Tiyerekeze kuti yakwana magalamu 62. Kenaka ikani kapu ya madzi pasikelo n'kudina batani lobwezera pa ziro. Mangani mwala ndi ulusi wosokera, muutsitse m'madzi pang'onopang'ono mpaka umire wonse, koma usagunde pansi kapena m'mbali mwa kapu. Ulusi ukhale m'dzanja lanu, mwala ukulendewera pakati pa madzi. Mukaona timathovu tamatirira, gwedezani pang'ono tichoke. Sikelo ionetsa nambala ina, imene ndi kulemera kwa madzi amene mwalawo wawalanda malo. Tinene kuti yaonetsa 10. Gawani 62 ndi 10, mupeza 6.2. Ndiye kuti mwala wanu ukulemera kuwirikiza ka 6.2 poyerekeza ndi madzi a kukula komweko. Chitani katatu pa mwala uliwonse, ndipo miyala isanuyo muipime payokhapayokha, chifukwa kutoledwa dzenje limodzi sikutanthauza kuti ndi mtundu umodzi.

Nambala imeneyi muiyerekeze ndi izi. Quartz amakhala pa 2.65, tourmaline pang'ono kupitirira 3. Garnet woderapo ndi rutile amazungulira pa 4.2, ilmenite pa 4.7, magnetite ndi hematite pang'ono kupitirira 5. Columbite amayambira cha pa 5.2, ndipo tantalite weniweni amakafika mpaka 8. Mukapeza nambala yochepera 5, iwalani za coltan. Mukapeza pakati pa 5 ndi 5.5, maginito ndi thailosi ndi zimene zigamule. Mukapeza 6 kapena kupitirira, mwala wosakokedwa ndi maginito, wosalowa mpeni, wa mzere wofiirira uja, pamenepo yoyendera ndi yoyenera kuifunafuna.

Chifukwa chimene nambala imatambalala chonchi, kuchoka pa 5 kukafika pa 8, n'chakuti columbite ndi tantalite ndi banja limodzi. M'mwalamo muli zitsulo ziwiri zapachibale, niobium ndi tantalum, zimene zimalowana malo. Niobium payekha amalemera ka 8.6 kuposa madzi, tantalum ka 16.7, pafupifupi kuwirikiza kawiri. Tantalum akachuluka mwala umalemera, ndipo mtengo umakwera nawo, pakuti iyeyu ndi amene amapangira timakapasita, tizipangizo tosunga magetsi ta m'mafoni ndi m'makompyuta. Wambiri wa dziko lapansi amachokera ku Congo ndi ku Rwanda. Niobium amapita kokalimbitsa zitsulo za milatho ndi mapaipi, ndipo msika wake unagwidwa kale ndi Brazil, makamaka mgodi wa ku Araxá. Choncho miyala iwiri yofanana ndendende m'maso ikhoza kusiyana mtengo kutalitali, ndipo wogula wozindikira amadziwa zimenezi akangoiponya m'mwamba n'kuiwakha. Inunso muzidziwe musanayambe kukambirana naye.

Musadzione ngati osaphunzira chifukwa cholephera kusiyanitsa ndi maso. Charles Hatchett anatulukira niobium ku London mu 1801, n'kumutcha columbium. Chaka chotsatira Anders Ekeberg wa ku Sweden anatulukira tantalum. Mu 1809 katswiri wina wotchuka, William Hyde Wollaston, anayeza zonse ziwiri n'kugamula kuti ndi chitsulo chimodzi, ndipo anthu anamukhulupirira kwa zaka zoposa 30, kufikira Heinrich Rose wa ku Germany atazilekanitsanso m'zaka za m'ma 1840. Amenewa anali ndi malabotale.

Apa ndiyenera kunena malire a kapu ndi ulusi. Cassiterite, mwala wa tini, amalemeranso cha pa 7, ndi wolimba, ndipo amapezeka m'misempha yomweyi. Mzere wake ndi wotuwa kapena wofiirira mopepuka, koma dzanja losazolowera likhoza kusokoneza. Wolframite naye amalemera kupitirira 7, kungoti mpeni umamukanda. Onsewa ali ndi msika, choncho nambala yaikulu ndi nkhani yabwino mulimonse. Koma kuti mudziwe kuchuluka kwa tantalum m'mwalamo pamafunika makina, monga aja a XRF, amene amaunika mwala n'kuonetsa zitsulo zake. Likulu la dipatimenti ya Geological Survey lili ku Zomba monga mwanenera, koma simuyenera kuyambira kutali choncho. Unduna wa za Migodi uli ndi ofesi ku Mzuzu, kafunseni kumeneko. Musatenge miyala yonse. Benthulani kachidutswa ka mwala umene walemera kwambiri, inayo itsale kunyumba, ndipo zotsatira muzipemphe zolembedwa papepala. Mukafunsenso za chiphaso, chifukwa lamulo la migodi la 2023 limafuna kuti wokumba ndi wogulitsa miyala akhale nacho, ndipo wopanda chiphaso ndi amene amagulitsa motchipa, mobisa, usiku.

Ndisakunamizeni, Mayi, miyala isanu si mgodi. Coltan amagulidwa pa kilogalamu, ndipo m'misempha yambiri amapezeka apa ndi apo, m'timatumba. Ngakhale itapezeka kuti ndi tantalite wabwino, isanuyo yokha singamange nyumba. Phindu lake lenileni ndi uthenga umene yabweretsa, wakuti dzenjelo mwina lili ndi zambiri kuposa aquamarine, ndi kuti zimene akhala akutaya pamulu wa dothi n'zofunika kuzisefanso ndi madzi m'beseni, zolemera zitsalire pansi. Mwanayo akumbukire bwino pamene anatola, kuya kwake, ndi mwala umene unali m'mbali. M'boma lanu lomwelo, ku Kanyika, kampani ya Globe Metals and Mining inapeza niobium ndi tantalum m'mwala wina wotchedwa pyrochlore, koma kumeneko ndi timbewu ting'onoting'ono tomwazika m'thanthwe, ndipo zinatenga zaka zambiri akuboola pansi kuti adziwe kuchuluka kwake.

Chomaliza kwa inu ndi cha thanzi, ndipo chimenechi musachitenge mopepuka. M'misempha ya pegmatite mumakhalanso abale ena a columbite, monga samarskite ndi euxenite, amene ali ndi uranium ndi thorium, zitsulo zotulutsa cheza chosaoneka choononga thupi. Amaoneka akuda monyezimira ngati phula la pamsewu, amasweka mokumbika ngati galasi, ndipo feldspar wowazungulira amakhala wofiira ndi wong'ambikang'ambika. Kugwira kamodzikamodzi si koopsa, koma miyala yakuda yolemera imene simunaidziwe isagone kumutu kwa bedi kapena m'thumba la buluku. Ikani m'chitini chotseka, kunja kwa chipinda chogona, kutali ndi ufa ndi ana. Musaisinje mumtondo wa chimanga. Ndipo mvula ikayamba, mwanayo asalowe m'dzenje lopanda mitengo yochirikiza. Feldspar akavunda amasanduka dongo, ndipo khoma looneka lolimba m'chilimwe limagumuka osachenjeza.

FUNSO

Tikukumba chitsime kwathu kufupi ndi Malingunde tinapeza timiyala tachikasu towala, tina ta ngodya zinayi ngati tosemedwa ndi makina. Anthu ayamba kale kubwera kudzaona. Kodi ndi golide?

Mnyamata wa ku Lilongwe

YANKHO

Achimwene, ngodya zinayizo zandiuza kale zambiri. Ndikukhulupirira kuti ndi pyrite, mwala wa chitsulo ndi sulufule, ndipo phiri la Malingunde limadziwika ndi mwala umenewu kuyambira kale, monganso Chisepo ku Dowa. Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo pyrite wapusitsa anthu m'maiko onse.

Musadalire mawu anga okha. Ikani kamodzi pamwala wosalala n'kukamenya ndi hamala. Golide ndi wofewa, amaphwatalala ngati chingamu cholimba osasweka, ndipo singano imamuboola. Pyrite amaphwanyika n'kukhala ufa wakuda mobiriwira, nthawi zina amathetheka moto, ndipo pamamveka kafungo ka machesi ongoyatsa kumene. Pa thailosi golide amasiya mzere wachikasu, pyrite wakuda. Pa kapu ndi ulusi pyrite amakhala pa 5, pamene golide wosasakaniza ali pa 19.3. Kusiyana kumeneku ngakhale mwana amakumva m'dzanja. Tina timene timanamiza anthu kumitsinje ndi timapepala ta mica towala ngati golide mumchenga. Timeneto mukavundula madzi timayandama n'kumavina, pamene golide amathamangira pansi n'kukhala phee.

N'zoona kuti m'madera ena pyrite amabisa golide wosaoneka ndi maso m'kati mwake, koma zimenezo zimadziwika ku labotale kokha, ndipo si chifukwa chogwetsera chitsime. Golide weniweni akadzapezeka, msika wovomerezeka ulipo, pakuti Reserve Bank inayamba kugula kwa okumba ang'onoang'ono mu 2021 kudzera ku Export Development Fund.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi madzi anu. Pyrite akakumana ndi mpweya ndi chinyezi amavunda n'kutulutsa asidi ndi dzimbiri. Dothi limene mwafukulalo musaliunjike pakamwa pa chitsime, litayeni kutali ndi kumunsi. Madziwo akamamveka chitsulo m'kamwa, kapena akamasiya utoto wofiira m'ndowa, kauzeni alangizi a zaumoyo a m'dera lanu awayeze musanayambe kumwetsa ana.

FUNSO

Ndimaphunzitsa sitandade 7. Ana anga anabweretsa mchenga wakuda wonyezimira wa m'mbali mwa nyanja, akufunsa ngati ndi chuma. Ndiwayankhe chiyani?

Mphunzitsi wa ku Salima

YANKHO

Aphunzitsi, musawayankhe, apatseni maginito. Yanikani mchengawo uume gwa, muufalitse papepala loyera. Kulungani maginito a sipika m'kajumbo kuti mchenga usamatirire, n'kuwayendetsa pamwamba. Zoyamba kudumpha ndi magnetite, muziike pambali. Kenaka pezani maginito amphamvu, aja a m'hadi disiki ya kompyuta yakutha, mubwerezenso. Zakuda zimene zikwere ulendo uno zambiri ndi ilmenite. Zotsala papepala anawo aziyang'ane ndi galasi lokulitsa, ndipo aona timbewu tapinki ta garnet, tofiirira ta rutile, ndi towala ngati madzi ta zircon. Mafunde ndi amene anagwira ntchito ya beseni, kukokolola mchenga wopepuka n'kusiya wolemera m'mizere yakuda.

Ilmenite ndi rutile ndi miyala ya titanium, ndipo ana adzadabwa kumva kuti mchenga wakuda chonchi ndi umene amapangira penti yoyera mbee. Ku Makanjira, m'boma la Mangochi, mchenga wa mtunduwu ulipo wambiri moti unakopa makampani. Ku Kasiya, kampani ya Sovereign Metals inalengeza matani 1.8 biliyoni a dothi lokhala ndi rutile pafupifupi 1 pa 100 aliwonse. Masamu amenewa muwapatse anawo awerengere okha: mu thumba la makilogalamu 50 la dothi lotere muli rutile theka la kilogalamu basi. Apimenso mulu uliwonse umene alekanitsa papepala paja, mudzandilembere manambala ake pamodzi ndi dzina la gombe limene anatapa.